Mazira Pakhomo: Tiwete Zachikuda Kapena Mitundu Yobwera?

Kuchokera ku Mpingu kudzera pa Msundwe mpaka ku Namitete, kapena kulowera kumpoto ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, n'kovuta kupeza khomo lopanda nkhuku. Komabe mayi akafuna dzira loti amuphikire mwana, kawirikawiri amakaligula pa okala, ndipo dziralo limakhala litachokera m'makola a makampani a m'tauni, litayenda pa thireyi kumbuyo kwa njinga. Midzi yoweta nkhuku ikugula mazira kwa anthu a mumzinda.

Chifukwa chake n'chiyani? Alimi ena akuti vuto ndi mtundu wa nkhuku zathu, ndipo nthawi yakwana yoti tidzaze makola ndi za Mikolongwe, Kuroiler kapena zachizungu zoikira. Ena akuti nkhuku yachikuda ilibe mlandu, ndipo amene akuthamangira mitundu yobwera akuitana ngongole pakhomo. Onsewa ndi alimi ndipo akufuna chinthu chimodzi: mwana adye dzira, pakhomo palowe ndalama. Tiyeni tiwamve mofatsa.

Mbali yoyamba: yachikuda siingatidyetse

Ofuna kusintha amayamba ndi kuwerenga mazira. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15, kenako limasiya n'kuyamba kufungatira. Limakhala pachisa masiku 21, ndipo likaswa limayenda ndi anapiye miyezi iwiri kapena kuposerapo lisanayambenso kutetera. Pa chaka limaikira katatu, likachita bwino kanayi, kotero mazira ake onse amathera pakati pa 40 ndi 60. Yachizungu yoikira, monga Hy-Line kapena Lohmann, imayamba kuikira ili ndi masabata 18 mpaka 20, ndipo ikasamalidwa bwino imapereka mazira 280 mpaka 300 pa chaka. Dzira lake limalemera magalamu pafupifupi 60, pomwe lachikuda limakhala cha m'ma 40. Thadzi limodzi lachizungu, iwo amatero, likugwira ntchito ya mathadzi asanu achikuda.

Kuchepa kwa maziraku ndi kumene kumachititsa kuti asamafike mu mpoto. Mayi akaona mazira khumi m'chikwatu saona ndiwo, amaona nkhuku khumi za mawa, ndipo mwana akangolikhudza dzira amakalipidwa. Ngakhale zikhulupiriro zakale, monga zoti mayi woyembekezera akadya dzira adzabereka mwana wopanda tsitsi, zimakhalitsa pomwe mazira ndi osowa. Chonsecho kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kusikelo amayi amaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma kuno ku chigwa cha Lilongwe, kutali ndi nyanja, gulu la zanyama ndi limene limasowa kwambiri m'mbale. Dzira ndiye nyama yotchipa, yosavuta kuphika, yoti mwana wa miyezi isanu ndi umodzi angayambe kudya.

Mbali iyi imakumbutsanso kuti maganizo osintha mtundu si achilendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 boma lakhala likuchulukitsa nkhuku zakuda za Black Australorp pa famu ya Mikolongwe ku Chiradzulu, ndipo pambuyo pake ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu, n'kumagulitsa kwa alimi zili ndi masabata asanu ndi limodzi. Cholinga chinali choti atambala ake azikwera mathadzi a m'mudzi kuti ana ake akhale akuluakulu ndi oikira kwambiri. Mtunduwu unapangidwa ku Australia kuchokera ku nkhuku za Orpington za ku England, ndipo m'zaka za m'ma 1920 unatchuka dziko lonse lapansi chifukwa cha kuikira. Lero pabweranso Kuroiler ya ku India, Sasso ya ku France ndi Boschveld ya ku South Africa. Izi zimatha kuyenda pabwalo n'kumatola zina mwa zakudya zake, zimakula msanga, ndipo zimaikira kuposa zachikuda. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amatero ofuna kusintha, nanga tikaniranji?

Mfundo yawo yamphamvu kwambiri ndi ya chakudya. Chimanga, soya, mpendadzuwa ndi mtedza, zomwe zimapanga chakudya cha nkhuku, zimalimidwa kuno komwe, m'madera a mafumu Kalolo, Kabudula ndi Khongoni. Pokolola mavenda amaimika masikelo pamsika n'kugula soya pa mtengo wolira, malole amamutengera ku mafakitale a ku Kanengo, ndipo soya yemweyo amabwerera kumudzi atasanduka dzira lokwera mtengo. Bwanji mlimi osamudyetsa yekha soyayo kwa nkhuku zake? Msika ulipo. Ku Namitete kuli chipatala cha St Gabriel ndi sukulu ya ntchito zamanja, pamisika ya Nsaru ndi Msundwe pali okazinga tchipisi, ophika tiyi ndi eni maokala amene amafuna mathireyi tsiku lililonse. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, ya mazira imabwera m'mawa uliwonse. Kuwonjezera apo, nkhuku zotsekera m'khola zimaunjika zitosi malo amodzi, ndipo masiku ano pomwe fetereza wakwera, zitosi ndi chuma kwa opanga manyowa a Mbeya ndi olima dimba.

Mbali yachiwiri: musawerenge mazira okha, werengani matumba

Oteteza zachikuda sakana kuti yachizungu imaikira kwambiri. Chomwe amafunsa ndi chakuti: idya chiyani, ndipo alipira ndani? Thadzi lachizungu limadya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya chosakaniza bwino tsiku lililonse, zomwe pa chaka zimayandikira thumba lathunthu la makilogalamu 50. Mlimi wa nkhuku 50 amamaliza thumba limodzi m'masiku asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Asanaone ngakhale dzira limodzi, anapiye 50 amakhala atadya matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri m'miyezi inayi ndi theka yoyamba. Ndi mabanja angati ku Kabudula amene angathire ndalama m'khola miyezi inayi osatolapo kanthu? Ndipo nkhukuyi siimva zoti lero ndalama yavuta. Mukaipatsa madeya okha masiku ochepa imachepetsa kuikira, ndipo kuti ibwerere pamafunika masabata.

Mtengo wa thumbalo suli m'manja mwa mlimi. Mavitamini ndi michere yothira m'chakudya, mankhwala, akatemera ena, ngakhale makolo a anapiyewo, zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inakwera. Kampani yaikulu imagula chimanga ndi soya zambirimbiri nthawi yokolola, ili ndi chigayo chake ndi makina akeake oswetsera anapiye. Mlimi wa nkhuku 50 amagula thumba limodzilimodzi pa mtengo wa m'sitolo, n'kuwonjezerapo ya kabaza, koma pamsika dzira lake liyenera kupikisana ndi la kampaniyo. Walira mvula walira matope.

Pali zinanso zomwe ogulitsa anapiye sazitchula kawirikawiri. Anapiye a tsiku limodzi alibe mayi wowafungatira, ndiye amafuna mbaula ya makala usiku wonse kwa masabata angapo, makamaka mu Juni ndi Julayi. Amafuna katemera wa chitopa, wa gumboro ndi wa nthomba pa masiku ake, ndipo ambiri mwa akatemerawa amasungidwa mu firiji. Kuti thadzi liikire mokwanira limafuna kuwala kwa maola pafupifupi 16, pomwe dzuwa lathu limatipatsa 11 mpaka 13, kotero m'mudzi mopanda magetsi a ESCOM pafunika sola. Yachizungu ili ngati chimanga cha haibulidi: imabereka kwambiri ikapatsidwa zonse zofunika, koma mbewu yake siibwerezedwa. Siifungatira, ndipo ikatha chaka ndi theka kuikira kumatsika, mlimi amagulitsa zonse n'kubwereranso kukagula anapiye ena.

Yachikuda imatuluka m'mawa kukadzipezera chiswe, ziwala, nyongolotsi, njere za udzu ndi zotsala za pamtondo. Imaswa yokha ana ake, imawateteza, ndipo ikaona chithunzi cha kabawi imachenjeza anapiye kuti abisale. Dzira lake lingakhale laling'ono, koma palibe amene analipirira thumba. M'tauni nkhuku ya lokolo imagulidwa modula kuposa yoyera chifukwa cha kukoma kwake, ndipo mavenda amayenda mitunda ndi madengu panjinga kudzaifuna kuno. Ntchito zake pamudzi n'zambiri: kuphera mlendo, kulipira chindapusa kubwalo la amfumu, kupepesa maliro, kupatsana pa chinkhoswe, kugulitsa mwana akadwala usiku kapena akabwezedwa kusukulu. Mitundu yake ndi chuma chomwe makolo anatisungira: kameta wa khosi lopanda nthenga amene savutika ndi kutentha, kansilanga wa nthenga zotembenuka, simboti wamfupi, tsumba, kachibudu, chiphulutsa ndi mawanga. Atambala obwera akamakwera mwachisawawa chaka ndi chaka, luso lofungatira ndi lolera limatha kuchepa m'khola, ndipo likatayika palibe sitolo yomwe lingagulidwe.

Oteteza zachikuda amafunsanso za mbiri ya Mikolongwe yomweyo. Papita zaka pafupifupi 70 boma likugawa nkhukuzi, nanga bwanji midzi idakali yodzaza ndi zachikuda? Akatswiri a ku koleji ya zaulimi ya Bunda, monga a Andy Safalaoh ndi a Timothy Gondwe, analifufuza funsoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. A Gondwe anatsatira makola a m'midzi ya ku Mkwinda ndi Mitundu, komwe banja limakhala ndi nkhuku pafupifupi 13, ndipo chomwe chimaonekera pa ntchito yotereyi n'chakuti matenda, zilombo ndi kuchepa kwa chakudya ndi zomwe zimalamulira khola la kumudzi. Nkhuku yaikulu thupi imafuna chakudya chambiri, ndipo ikasiyidwa kuti izingopalasa pabwalo lomwelo siingaonetse mphamvu zomwe inabadwa nazo.

Mfundo yomaliza ya mbali iyi ndi yokhudza umwini. Pamudzi nkhuku zachikuda zimakhala m'manja mwa amayi ndi ana. Mayi amatha kugulitsa msoti n'kugula mchere ndi sopo osapempha chilolezo. Koma khola likasanduka bizinesi ya ngongole ndi mathireyi, kawirikawiri makiyi amapita kwa bambo, ndipo dzira lililonse limawerengedwa ngati ndalama. Zikatero mwana uja amene timati tikumufunira dzira amatha kuona mathireyi akutuluka pakhomo iye osalawako.

Pomwe mbali ziwirizi zimagundana

Ofuna kusintha amayankha kuti chakudya n'chotheka kupanga pakhomo: madeya kapena chimanga chogaya, soya wokazinga, zotsalira za mpendadzuwa woyengedwa, fumbi la usipa, laimu ndi mchere pang'ono. Izi n'zoona, ndipo alimi ena akuchitadi. Koma luso lake liyenera kuphunziridwa. Soya wosakazinga amalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya, laimu akachepa zigoba zimafewa, ndipo chimanga chowola kapena mtedza wa chuku zimatsitsa kuikira ndi kudwalitsa. Komanso madeya ali ndi eni ake ambiri. Oweta nkhumba amawafuna, ophika kachasu amawafuna, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, mabanja amagaya mgaiwa osakonola kapena kudya madeya omwewo. Nkhuku yodalira chimanga imalimbirana chakudya ndi ana a pakhomo pa nthawi yomwe chikusowa kwambiri.

Nawonso oteteza zachikuda ali ndi pomwe amalakwitsa. Amati nkhuku yawo ndi yaulere, koma sawerenga zomwe zimatayika. Mwa anapiye khumi oswedwa, si zachilendo kuona asanu okha kapena ochepera apo akufika miyezi iwiri. Ena amatengedwa ndi kabawi, mphamba ndi khwangwala, ena ndi likongwe ndi vumbwe, ena amafa ndi chisanu, utitiri ndi njoka za m'mimba. Mazira onse aja amene mwana analetsedwa kudya amathera m'kamwa mwa zilombo. Amatinso yachikuda ndi yolimba ku matenda, koma chitopa sichisankha. Chikalowa m'mudzi nyengo yotentha, cha mu Ogasiti mpaka Novembala, chimasesa yachikuda, ya Mikolongwe ndi yachizungu mofanana, ndipo tsabola, phulusa kapena madzi a khonje omwe anthu amathira m'mbale ya nkhuku sizichiletsa. Banja limathamangira kupha ndi kugulitsa zodwala, potero n'kufalitsa matendawo kumsika.

Ngakhale pa nkhani ya thanzi la ana, dzira lokha si mankhwala. Ku Ecuador kafukufuku anaonetsa kuti dzira limodzi pa tsiku linachepetsa kwambiri kupinimbira, koma atayesa zomwezo ku Mangochi pa ana 660, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2019 sizinaonetse kusiyana pa msinkhu. Dzira ndi chakudya chabwino kwambiri, koma limagwira ntchito limodzi ndi ukhondo, madzi abwino ndi zakudya zina. Nkhuku zogona m'nyumba imodzi ndi ana chifukwa choopa akuba zimasiya zitosi pomwe khanda limakwawa, ndipo vutoli silitengera mtundu wa nkhuku.

Chigamulo changa

Ndikaunika zonsezi, ndimaona kuti funso la mtundu talifulumizitsa. Chomwe chimapha mazira a kumudzi kwambiri si magazi a nkhuku, koma chitopa, imfa za anapiye ndi njala. Mlimi amene sanathane ndi zitatuzi, akagula nkhuku yodula amangokulitsa zomwe adzataye.

N'chifukwa chake ndikuti banja wamba la ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, lomwe lili kutali ndi tara ndipo ndalama zake zimabwera pa nyengo, lisunge zachikuda ngati maziko a khola, koma lisiye kuziweta mongozisiya. Choyamba ndi katemera wa chitopa. Wa I-2, amene anapezedwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia ndipo amapangidwa ku labotale ya zanyama ku Bwemba, sawonongeka msanga akachoka mu firiji, amangodonthezedwa dontho limodzi m'diso, ndipo amaperekedwa miyezi inayi iliyonse. Mtengo wotemera khola lonse sufika pa mtengo wa nkhuku imodzi. Katemerayu amagwira bwino mudzi wonse ukatemera pamodzi, kotero amfumu ndi alangizi a ziweto ali ndi gawo lalikulu. Chachiwiri ndi khola lokwezeka, louma, losesedwa, ndi kampanda kosungiramo anapiye ndi mayi wawo masabata oyamba, akupatsidwa madeya, soya wokazinga, chiswe ndi madzi oyera. Chachitatu ndi kusankha: mathadzi awiri kapena atatu olera bwino ndi amene azifungatira, ndipo mazira a enawo azitoledwa tsiku lililonse, n'kusiya limodzi lolembedwa chizindikiro pachisa. Thadzi losafungatira limabwerera msanga kukaikira. Anapiye akasiya kufa, banja silifunikanso kuswetsa dzira lililonse, ndipo otsalawo amapita m'mbale ya mwana.

Banja lomwe lafika pamenepa, ndipo limakolola soya ndi chimanga chotsala, lingathe kuwonjezera misoti ingapo ya Mikolongwe kapena Kuroiler kuti izipereka mazira a pakhomo, mathadzi achikuda n'kumagwira ntchito yofungatira. Apa mitundu iwiriyi imathandizana m'malo molimbana, bola mlimi azidziwa tambala amene akukwera m'khola mwake.

Zachizungu zoikira ndi bizinesi, ndipo zitengedwe ngati bizinesi. Zimayenera munthu wa m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ku Mpingu, Msundwe kapena Namitete, amene ali ndi ogula odziwika, mpamba wokwanira kudyetsa miyezi isanu asanagulitse dzira, ndi kope lolembamo thumba lililonse lolowa ndi thireyi iliyonse yotuluka. Kalabu ya alimi kapena gulu la banki mkhonde logula soya ndi chimanga pamodzi nthawi yokolola lili ndi mwayi kuposa munthu mmodzi. Amene alibe izi asakopeke ndi chiwerengero cha mazira 300.

Kwa boma ndi mabungwe ogawa ziweto pempho langa ndi limodzi: musagawe nkhuku m'mudzi momwe mulibe wotemera. Ndalama yogulira atambala obwera iyambe yaonetsetsa kuti katemera wa chitopa akupezeka katatu pa chaka m'dera lililonse la zaulimi, kuti mafamu a Bwemba, Mikolongwe ndi Choma akutulutsa anapiye mosadukiza, ndiponso kuti akatswiri athu akusankha ndi kutukula mitundu yachikuda yoikira bwino. Muyeso wa ntchito yonseyi usakhale kuchuluka kwa nkhuku zomwe zagawidwa, koma kuchuluka kwa zomwe zili moyo chaka chikatha, ndi mazira omwe ana a pakhomopo adya pa sabata.